Tapuma pa ntchito, kodi tingakaone Blyde River Canyon ndi Drakensberg pa galimoto yathu?

Funso: Ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi chaka chatha. Ndili ndi zaka 61, mayi akunyumba 58. Tili ndi Toyota Fielder ya otomatiki, ya ku Japan, imene sinativutitsepo. Mwana wathu amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo amatitumizira zithunzi za chigwa cha Blyde River Canyon ndi mapiri a Drakensberg. Tikufuna tikaone ndi maso athu, koma poyendetsa tokha kuchokera kuno ku Zomba. Ana akuti takula, tisayerekeze. Ndimamwa mankhwala a BP koma ndili bwinobwino. Kodi n'zotheka? Tidzere kuti, mwezi uti, ndipo tikonzekere chiyani? Mphunzitsi wopuma, Zomba.

Yankho: Bambo, n'zotheka, ndipo zaka 61 si zokhalira pakhonde. Misewu yonse imene nditchule pano ndi ya tala, kupatula umodzi umene ndikuletseni kuuyendetsa nokha. Fielder ikwanitsa. Komabe anawo musawakalipire, mantha awo ali ndi pogwira. Akamva za ulendo wa ku South Africa amaganiza za mabasi ndi amalonda amene amachoka ku Blantyre m'mawa n'kumalimbana ndi msewu usana ndi usiku kuti mawa lake akhale atafika. Mukatengera mayendedwe amenewo ndiye kuti anawo akunena zoona. Koma inu belu la Lolemba silikukuitananinso. Patulani masabata asanu, pa tsiku musapitirire makilomita 400, ndipo dzuwa likamapendeka muzikhala mutapeza pogona. Ulendo wonse, kupita ndi kubwera, ndi wa makilomita pafupifupi 5,500. Kwa munthu wa tchuthi cha masabata awiri ndi chilango. Kwa inu ayi.

Nyamukani kumapeto kwa Epulo, Isitala itapita, kapena kumayambiriro kwa Meyi. Mvula kumeneko imagwa nthawi yofanana ndi yathu, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo miyezi imeneyo nkhungu imakonda kuphimba m'mphepete mwa mapiri moti munthu umatha kulipira pa geti, n'kukaima pamalo oonera, osaona ngakhale mtengo uli patsogolo pako. Mu Juni ndi Julayi kumwamba kumakhala kuli mbee, koma kuzizira kwa ku Drakensberg si kwa ku Dedza: usiku madzi amaundana, ndipo pamwamba pa mapiri pamagwa chipale chofewa. Mu Ogasiti ndi Sepitembala utsi wa moto wa kutchire umadetsa mlengalenga, mathithi nawo atachepa. Mu Meyi udzu umakhala usanaumiretu, mathithi akadali ndi madzi, ndipo ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, kumakhala kopiririka. Disembala ndi sabata ya Isitala muzipewe chifukwa cha Beitbridge, boda ya pakati pa Zimbabwe ndi South Africa, kumene mizere ya anthu opita kwawo imatha kukudyerani tsiku lathunthu.

Za mapepala. Amalawi sitifunika viza polowa ku Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa pa ulendo wongocheza, ndipo maiko onsewa amayendetsa kumanzere ngati kuno, choncho laisensi yanu ya SADC ndi yokwanira. Nyamulani bulubuku yeniyeni, osati fotokope yokha, ndipo ikhale m'dzina lanu. Ngati ili m'dzina la mwana kapena galimoto ikadali pa ngongole ya ku banki, pafunika kalata yololeza kuti ituluke m'dziko. Tenganinso chikalata cha apolisi chotsimikizira kuti galimotoyo si yakuba. Pa boda ya Mozambique ndi ya Zimbabwe adzakulemberani chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, chimene aliyense amangochitcha TIP. Chisungeni ngati pasipoti, chifukwa potuluka amachifuna. Inshuwalansi ndi imene imasokoneza ambiri. COMESA Yellow Card, imene mumagula ku kampani yanu ya inshuwalansi konkuno, imagwira ku Zimbabwe, koma Mozambique ndi South Africa sali mu COMESA. Ku Mozambique mumagula yawo pa boda pomwepo. Ku South Africa anthu ovulala pangozi amalipiridwa ndi Road Accident Fund kudzera mu msonkho wa pa mafuta, koma thumba limenelo sililipira galimoto yowonongeka, yanu kapena ya mnzanu. Ndiye pitani kwa a inshuwalansi anu, muwauze maiko onse amene mudutse, akulembereni papepala kuti akukutetezani kumeneko. M'galimoto mukhale ma triangle awiri, jekete zonyezimira ziwiri, chozimitsira moto, ndi timapepala tonyezimira pa bampala, toyera kutsogolo, tofiira kumbuyo. Pa maboda onse mudzakumana ndi madobadoba othamangira pa windo. Pasipoti ndi bulubuku musazipereke m'manja mwa munthu amene sali kuseri kwa kauntala, ndipo chilichonse chimene mwalipira chikhale ndi lisiti.

Njira yopitira ndi yodziwika. Tsiku loyamba mudzere ku Zalewa, muwoloke pa Mwanza ndi Zobue m'mawa, mukagone ku Tete, kumene mudzawoloke Zambezi pa mlatho wa Samora Machel. M'midzi ya m'mphepete mwa msewu wa ku Mozambique tsikani pa 60 chikwangwani chikangonena, ngakhale msewu uoneke wopanda munthu. Tsiku lachiwiri mudutse pa Nyamapanda, Mutoko, mpaka Harare. Lachitatu Masvingo, makilomita pafupifupi 290. Apa imani tsiku limodzi. Mabwinja a Great Zimbabwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauni, makoma a miyala yosanjidwa popanda matope kapena simenti, ena otalika mamita 11, omangidwa pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400. Munthu amene mwina munaphunzitsapo ana za malo amenewa pa bolodi simungawadutse pa liwiro la 100. Tsiku lachisanu mudzuke mbandakucha, muwoloke Limpopo pa Beitbridge dzuwa lisanafike paliwombo, mukagone ku Louis Trichardt mutadutsa m'mapiri a Soutpansberg. Ku Zimbabwe nyamulani madola a ku America ang'onoang'ono, a pa boda ndi a pa mageti olipiritsa a mumsewu. Masiku ochepa musananyamuke funsani madalaivala a mathiraki kapena a mabasi mmene njira ya Tete ilili, iwo ndi amene amamva msanga kukakhala zionetsero kapena mlatho ukawonongeka.

Tsopano galimoto, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene pagona moyo wanu. South Africa salola kuitanitsa magalimoto akale a ku Japan kuti azigulitsidwa m'dzikomo ngati mmene timachitira kuno. Zotsatira zake n'zakuti makanika wa ku Graskop, tauni ya pafupi ndi Blyde, akhoza kukhala asanaigwirepo Fielder, ndipo sitolo ya zipangizo ikhoza kusowa lamba wa injini amene ku Limbe mukanamupeza mwamsanga. Nyamulani lamba, mapadi a mabuleki, mafyuluta ndi mafyuzi. Ka sipeya kowonda kamene kamabwera ndi magalimoto amenewa kachotseni, mugule tayala lenileni ndi limu yake, chifukwa misewu ina ya ku Mpumalanga ili ndi maenje oti Mmalawi sangadabwe nawo. Uzani makanika wanu aone radiator ndi mapaipi ake, ndipo asinthe mafuta a mabuleki ngati patha zaka ziwiri asanasinthidwe.

Mafuta a mabulekiwo ndikuwatchula pa chifukwa. Pakapita nthawi amayamwa chinyezi. Mukamatsika mtsetse wautali phazi lili pa buleki osalichotsa, mapadi ndi madisiki amatentha kwambiri, kutenthako kumafika ku mafutawo, madzi amene ali mkati amawira n'kusanduka nthunzi. Mafuta safinyika koma nthunzi imafinyika, ndiye mumaponda pedulo n'kungolowa pansi galimoto ikupitabe. Zimachitika chakumunsi kwa phiri, pamene dalaivala wayamba kuganiza kuti zovuta zatha. Mankhwala ake ndi giya. Madalaivala ambiri a otomatiki sanachotsepo giya pa D chigulireni galimoto, koma zilembo zinazo, S, B, L kapena 2, anaziikira ntchito imeneyi. Musanayambe kutsika chepetsani liwiro, ikani pa S kapena B, mulole injini igwire galimoto. Idzalira mokweza, musaope, sikuwonongeka. Buleki muziponda mwamphamvu kwa kanthawi musanalowe pa kona, kenako n'kuisiya kuti izizire. Giya imene mungakwerere phiri ndi imenenso mutsikire. Pa N musaikepo ngakhale mafuta atakwera mtengo bwanji. Mukamva fungo la chinthu chopserera, patukani pamalo otakasuka mudikire theka la ola, ndipo madisiki otentha musawathire madzi, amapindika.

Sukulu yake muli nayo pakhomo. Kwerani ku Chawe mutsike kangapo mukuyesa magiya amenewa, mpaka dzanja lizipita lokha. Kenako mukayese mtsetse wa ku Chikwawa wotsikira ku Thabwa, kapena Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Mukatsika imeneyi mabuleki osanunkha, palibe msewu wa tala pa ulendowu umene ungakuopseni. Ngati mayi ali ndi laisensi, nawonso ayese, ndipo muzisinthana maola awiri aliwonse. Pokwera musadabwe galimoto ikamaoneka yaulesi: injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Chizolowezi china cha kumeneko: galimoto yothamanga ikakutsatirani masana pa msewu wowongoka, anthu amasendera kunja kwa mzere wachikasu kuti idutse, iyo n'kuthokoza ndi mahazadi. Pa kona kapena pa chitunda musatero, ngakhale wakumbuyoyo akuwalitsireni magetsi. Pamakhala anthu oyenda pansi kapena thiraki yofa.

Kuchokera ku Louis Trichardt pitani ku Polokwane, mukhotere pa R71 kudzera ku Haenertsburg ndi Magoebaskloof, mutsikire ku Tzaneen. Ndi mtsetse wanu woyamba weniweni, wodutsa m'nkhalango, ndipo kumunsi mudzapeza minda ya mapeyala, mango ndi nthochi. Alendo ambiri amafika ku Blyde kuchokera ku Johannesburg, n'kuchiona chigwacho kuchokera pamwamba pokha. Inu pochokera kumpoto muli ndi mwayi woyamba ndi kunsi. Kuchoka ku Tzaneen tsatani R36, mukhotere pa R527 kulowera ku Swadini, mugone masiku awiri. Pa damu la Blyderivierspoort pali boti limene limalowa mkati mwa chigwa, matanthwe ofiira atakuzingani mbali zonse, mvuu ndi ng'ona zili m'madzimo. Paulendo wa pa botiwo mudzaona mathithi a Kadishi, otalika mamita pafupifupi 200. Mathithi ambiri amadya thanthwe lawo, koma awa amalikulitsa: madzi ake amadutsa m'miyala ya laimu, ndipo akamagwa amasiya laimuyo pang'onopang'ono n'kumanga thanthwe latsopano. Kwa anthu a mawondo otopa ndi malo abwino kuposa onse, chifukwa mumaona zonsezi muli chikhalire.

Kenako mukwere Abel Erasmus Pass, mudutse mu ngalande ya J.G. Strijdom imene anaitsegula mu 1959, mukhotere pa R532 kulowera ku Graskop. Chigwa cha Blyde ndi chotalika makilomita pafupifupi 26, ndipo kuya kwake ndi mamita pafupifupi 800. Otsatsa malonda a zokopa alendo amakonda kunena kuti ndi chachitatu kukula pa dziko lonse, pambuyo pa Grand Canyon ya ku America ndi Fish River Canyon ya ku Namibia. Zimenezo zimatengera woyezayo, musazitengere. Chimene chimachisiyanitsa ndi ziwiri zinazo n'chakuti izo zili m'dera louma pamene ichi ndi chobiriwira. Apa ndi pamene dziko lokwera la mkati mwa South Africa limathera mwadzidzidzi n'kugwera ku chidikha chotentha cha kum'mawa, ndipo mtsinje wa Blyde wakhala ukudula m'mphepetemo kwa zaka mamiliyoni ambiri. Miyala yofewa inakokoloka, yolimba ya pamwamba inatsala, n'chifukwa chake mapiri ake ali ndi makoma oongoka ndi timitu tosongoka. Otchuka ndi Three Rondavels, mapiri atatu ooneka ngati nyumba zozungulira zofolera ndi udzu. Anthu a m'derali amawatcha maina a akazi atatu a mfumu Maripi Mashile ya Apulana: Magabolle, Mogoladikwe ndi Maseroto. Kumbuyo kwake kuli Mariepskop, phiri lotalika mamita oposa 1,900. Pamalo amenewa pitani masana dzuwa litapendeka, chifukwa mumayang'ana kum'mawa, ndipo m'mawa dzuwa limakuthobwani m'maso, mapiriwo ali mumthunzi. Mipanda yotchinga siili paliponse. Chithunzi chabwino n'chimene mwajambula mutaima mamita awiri kuchokera kuphompho.

Ku Graskop khalani masiku anayi, ndipo ndikunena anayi chifukwa cha nkhungu. God's Window, pa kamsewu ka R534, ndi malo amene thanthwe limatsika mamita pafupifupi 700, ndipo kukacha bwino maso amafika kutali m'chidikha cha ku Kruger, paki yaikulu ya nyama zakutchire. Koma ngakhale mu Meyi nkhungu imatha kukwera kuchokera kumunsi n'kutseka zonse m'mphindi zochepa. Wa basi ya alendo amajambula nkhunguyo n'kumapita. Inu mukapeza kwatseka, bwererani mukamwe tiyi ndi mapankeki amene tauniyi imatchuka nawo, mudzayesenso mawa m'mamawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masitepe okwerera ku kankhalango ka pamwamba pake ndi otopetsa, ndipo sikulakwa kuthera pa malo oonera a m'munsi.

Makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa Graskop kuli Bourke's Luck Potholes, pamene mtsinje wa Treur umakumana ndi Blyde. Madzi ozungulirazungulira akhala akuzunguza timiyala ndi mchenga pamalo amodzi mpaka kuboola thanthwe maenje osalala ngati mitondo, ena akuya mamita angapo. Pali timilatho towolokera, ndipo ola limodzi ndi theka likukwanirani. Mathithi alipo ambiri moti mukawatsata onse mudzatopa nawo. Lisbon, a mamita oposa 90, ndi ena mwa aatali kwambiri m'derali, ndipo amaoneka muli pafupi ndi poimika galimoto. Onjezani Mac Mac polowera ku Sabie, basi. Ku Graskop Gorge kuli chikepe cha magalasi chotsika mamita 51 kulowa m'nkhalango ya pansi pa phompho, kumene anayala matabwa oyendapo. Malo alionse ali ndi geti lake ndi mtengo wake, ndipo ambiri amatseka cha m'ma 5 koloko madzulo. Pilgrim's Rest, tauni ya nyumba za malata imene inayamba golide atapezeka mu 1873, ndi ya theka la tsiku. Mbiri yake ndi yokoma, koma tauniyo inatopa. Anthu adzakuuzani kuti simungafike kuno osalowa mu Kruger. Mukafuna lowani, ndipo pa geti onetsani pasipoti chifukwa a SANParks, bungwe loyang'anira pakiyi, ali ndi mtengo wotsikirapo wa anthu a m'maiko a SADC. Koma njovu ndi mvuu muli nazo ku Liwonde, ulendo wa ola limodzi kuchokera kwanu. Ine masiku amenewo ndikanawasungira mapiri.

Potuluka dzerani ku Sabie mukwere Long Tom Pass pa R37, umene pamwamba pake ndi mamita pafupifupi 2,150. Dzinali ndi la mizinga ikuluikulu imene Mabunu ankagwiritsa ntchito pa nkhondo yawo ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902, ndipo chifanizo cha umodzi chili m'mphepete mwa msewu. Dera lonseli ndi la minda ya paini ndi bulugamu, choncho yembekezerani mathiraki a mitengo okwawa pa zitunda. Khalani kumbuyo kwake mpaka mzere wopitirira utapezeka. Mukatsikira ku Mashishing dzerani ku Dullstroom, kumene kumazizira kwambiri, mugone, mawa lake mulowe N4 mpaka eMalahleni (Witbank), kenako N12 mpaka Johannesburg.

Kwa mwana pumulani masiku anayi, makanika aonenso mabuleki ndi oilo. Mumzinda musiyireni chiwongolero mwini mudzi. Zikwama ndi mafoni zisaoneke pa mpando mukaima pa maloboti, ndipo mukakiya galimoto ndi rimoti gwirani chitseko mutsimikize, chifukwa pali akuba amene amatchinga rimotiyo kuti isagwire. Mapasipoti muziyenda nawo. Ngati mwanayo angapeze tchuthi cha sabata imodzi, apite nanu ku Drakensberg. Mantha a ana amatha msanga akakhala pa mpando wakumbuyo n'kuona bambo akutsika phiri pa giya yoyenera.

Drakensberg ndi dziko lina. Kuchoka ku Johannesburg pa N3, makilomita opitirira pang'ono 300 akufikitsani ku Clarens ndi ku Golden Gate Highlands National Park, ku Free State. Msewu wa R712 umadutsa pakati penipeni pa pakiyo, pansi pa matanthwe achikasu ndi ofiira amene dzuwa likamalowa amayaka. Miyala imeneyi inali milu ya mchenga wa m'chipululu kalekale, ndipo pamwamba pake panadzathiridwa chiphalaphala cha pansi pa nthaka zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, nthawi imene Africa inkayamba kupatukana ndi maiko ena a kummwera. Chiphalaphalacho chitauma chinasanduka mwala wakuda umene ukupanga nsonga za Drakensberg lero. Mukadziwa zimenezi mumayamba kuwerenga phiri ndi maso: chachikasu m'munsi, chakuda pamwamba. M'pakimo muli timisewu tiwiri ta tala tozungulira, Oribi ndi Blesbok, toti Fielder iyenda bwinobwino, ndipo mudzaona mbidzi ndi nyumbu zakuda zikudya msipu.

Kuchoka apo tsatani R74 m'mphepete mwa damu la Sterkfontein, mutsike Oliviershoek Pass kulowa KwaZulu-Natal, mufike ku Royal Natal National Park. Ngati pa ulendo wonsewu pali malo amodzi oti mubukiretu miyezi ingapo isanafike, ndi nyumba za ku Thendele m'pakimu. Mukatsegula chitseko m'mawa mumayang'anizana ndi Amphitheatre, khoma la thanthwe lotambalala makilomita pafupifupi 5, pamene mathithi a Tugela amagwa mamita oposa 900. Mu Meyi madzi ake amakhala atayamba kuchepa, ndiye musayembekezere Victoria Falls, mudzaona kamzere koyera kopyapyala pa khomalo. Njira ya Cascades ndi yaifupi ndi yosavuta. Ya Tugela Gorge ndi makilomita pafupifupi 14 kupita ndi kubwera, ndipo ngati mumakwera phiri la Zomba wapansi mukhoza kuiyesa, bola munyamuke m'mamawa, mulembetse m'kaundula wa pa geti, ndipo mubwerere pamene miyendo yanena, osati pamene njira yathera. Makwerero a unyolo okwerera pamwamba pa Amphitheatre asiyireni achinyamata. M'mapanga a mapiri amenewa muli zojambula zambirimbiri za anthu a mtundu wa San, chimodzi mwa zifukwa zimene UNESCO inaikira derali pa mndandanda wake mu 2000. Amene munafikako ku Chongoni mudzakhala ndi choyerekezera. Zojambula za a San zosavuta kufikako ndi za ku Main Caves ku Giant's Castle. Anyani a m'mapaki amenewa amadziwa kutsegula zitseko ndi mazenera, chakudya musasiye poyera.

Msewu umene ndikukuletsani ndi Sani Pass, wokwera kuchoka ku Underberg ndi Himeville kulowa Lesotho. Chigawo chake chomaliza ndi cha miyala, cha makona othina otsatizana, ndipo pa boda ya South Africa amafuna galimoto ya 4x4. Fielder isiyeni kumalo ogona, mulipire amene amanyamula alendo tsiku ndi tsiku. Pamwamba ndi mamita oposa 2,870, kutsala pang'ono kufanana ndi Sapitwa wa mamita 3,002, ndipo mumafikapo m'maola ochepa thupi lisanazolowere. Kwa munthu wa BP funso limeneli ndi la dokotala wanu, mumufunse musananyamuke. Akakulolani, valani zotentha, yendani pang'onopang'ono mukatsika m'galimoto, ndipo mutu ukayamba kuwawa kapena chifuwa kuthina, uzani dalaivala mutsike. Akakukanizani simunataye zambiri, Amphitheatre mwaiona kale. Mankhwala nyamulani a miyezi iwiri, m'mapaketi ake, pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo muwagawe m'zikwama ziwiri. Ngati muli pa MASM kapena sikimu ina, funsani ngati imalipira kunja kwa dziko. Ngati siilipira, gulani inshuwalansi ya paulendo, chifukwa zipatala zapulaiveti za kumeneko zimafuna ndalama kapena chitsimikizo musanagonekedwe.

Za ndalama. Ngati Fielder yanu imayenda makilomita 13 pa lita, mafuta ndi malita opitirira 400. Chodula kwambiri ndi pogona, ndipo njira yochepetsera ndi nyumba zophika nokha, zimene m'madera onsewa zilipo zambiri. Ufa woyera uli m'sitolo iliyonse, nsima simudzaisowa. Vuto lenileni ndi ndalama zakunja, monga mukudziwira. Pitani ku banki miyezi iwiri nthawi isanakwane, mufunse kuti khadi lanu lingagwiritse zingati kunja pa mwezi, ndipo musadalire khadi lokha. Malo ogona a ku South Africa angalipiriretu ndi mwana wanu m'marandi, inu n'kukambirana naye zapabanja. Padera ikani ndalama zosakhudza, zokwanira kukokera galimoto ndi kugula matikiti awiri obwerera. Ndipo ndalama ya penshoni imene munalandira kamodzi ija isathere mumsewu: ngati kuwerengera kukuonetsa kuti ulendowu udya zodyera chaka chamawa, dulani Drakensberg, muthere ku Blyde ndi kwa mwana. Ngati masabata asanu sangapezeke, kapena makanika wakayikira galimoto, kwerani basi kapena ndege mpaka Johannesburg, mwana abwereke galimoto kumeneko, inu mulembedwe ngati dalaivala wachiwiri. Mudzataya Tete ndi Great Zimbabwe, koma mitsetse mudzaitsikabe nokha.

Pobwerera ndi pamene anthu amaiwala malamulo awo onse, mtima uli kale kunyumba. Magonedwe akhale omwe aja: Louis Trichardt kapena Musina, Masvingo, Harare, Tete. Ndipo werengani masiku. Amalawi amapatsidwa masiku osapitirira 30 ku South Africa, koma chimene chimagwira ntchito ndi deti limene lalembedwa pa chidindo cha m'pasipoti yanu, choncho liwerengeni musanachoke pa kauntala ku Beitbridge, lanu ndi la mayi, chifukwa nthawi zina amalemba ochepera. Kukwera ku Lesotho n'kutsikanso sikukupatsani masiku atsopano. Mukapitirira ngakhale tsiku limodzi amakuletsani kulowanso m'dzikomo kwa chaka, ndipo mukapitirira ndi masiku oposa 30 chiletsocho ndi zaka zisanu, zimene kwa kholo la mwana wokhala ku Johannesburg si nkhani yaing'ono. Ndondomeko imene ndakupatsaniyi imadya masiku pafupifupi 25 mkati mwa South Africa. Otsalawo musawakonzere chilichonse, ndi a nkhungu, a tayala lophulika ndi a tsiku limene msana wakana.